Ndodo za gofu zimene zinatsala pang'ono kundisiyitsa masewerawa

Ine gofu ndinayamba ndili ndi zaka 52, adokotala atandiuza kuti BP yanga ikufuna ndiziyenda kwambiri, ndiye kuyenda ndekhandekha m'mawa mumsewu wa ku Namiwawa kunkandigwetsa ulesi. Alamu anga atamva anasangalala zedi mpaka anandibweretsera chikwama chonse cha ndodo zomwe ankasewera nazo kale, ndodo 14 ndendende monga malamulo amalolera, zonyezimira bwinobwino. Anachita ndi mtima wabwino ndipo ndimawathokozabe. Koma abale ndodo zimenezo zinandizunza.

Miyezi itatu yathunthu pa Blantyre Sports Club mpira osadzuka. Ndikamenya unkangokwawa pansi kapena kuthawira kumanja m'mitengo, madzulo chigongono chili waliwali moti ngakhale ketulo kunyamula kwake kunali kovuta, ine nkumangoti basi vuto ndi ineyo, ndachedwa, masewerawa ndi a anthu oti anayamba ali ana. Amene ananditsegula maso ndi caddie wina wachikulire, mmodzi wa aja onyamulira osewera ndodo, yemwe wakhala pamenepo zaka zambiri. Tsiku lina anasolola 5-iron yanga, ndodo ya mutu wachitsulo ya nambala 5, nkuigwedeza m'manja, kenako akuti, "Mayi, pepani ndinene chilungamo, ndodozi si zanu. Izi ndi za abambo amphamvu omwe amamenya ngati akuwaza nkhuni." Anapita kukabwereka 7-iron kwa mayi wina amene ankayeserera pafupi nafe, nditangoigwira ndinamva kupepuka, ndipo mpira wachiwiri womwe unakwera m'mwamba ine ndikuuona ndi maso angawa. Misozi inalengeza, sindikunama.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsafunsa, ndiye chachikulu chomwe ndinapeza ndi shaft, thunthu lija la ndodo. Pa shaft pamakhala chilembo: L ndi yofewa kwambiri, kenako A, R, S, mpaka X yolimba gwa. Za alamu zinali S komanso zachitsulo, zolemera magalamu opitirira 120, pomwe za graphite zopangira anthu omenya mofatsa zimakhala cha m'ma 50 kapena 60. Mukamva choncho muziti kusiyana kwake nkochepa, kungoposa dzira limodzi pang'ono, koma tayesani kuzunguza dzira limenelo kunsonga kwa ndodo maulendo 100 padzuwa la mu Okutobala muone mmene mapewa angakhalire. Shaft yolimba imafuna liwiro kuti ipindike nkuponya mpira, ngati liwirolo mulibe imangokhala ngati mpini wa khasu, mpira umatuluka wotsika nkumakhotera kumanja. Ndipo apa ndiyankhule ndi azibambo, ndaona angapo akukana A ati ndi ya madala, nkumavutika ndi S chaka ndi chaka. Zimandimvetsa chisoni chifukwa ena mwa iwo anasiyiratu kubwera.

Chachiwiri ndi mutu wa ndodo. Ma iron a alamu anali aja amati blade, opyapyala, oti ukaphonya pakati penipeni ngakhale pang'ono manja amachita dzanzi mpira osapita kulikonse. Oyamba kumene timafunika okumbika kumbuyo, cavity back, omwe kulemera kwake anakukankhira m'mbali, nzeru yomwe anaitchukitsa Karsten Solheim wa kampani ya Ping, makamaka ndi ndodo za Ping Eye2 za mu 1982. Ukamenyera chakunsonga mutu supotoka kwambiri ndiye mpira umapitabe kutsogolo, mwina kuperewera pang'ono koma uli mu fairway, njira ya udzu wometa yopita ku dzenje. Yang'ananinso kunsi kwake kukhale kotakata, chifukwa dzinja likafika nthaka itafewa ndodo yopyapyala imangokumba matope pomwe yotakata imatsetsereka.

Driver, ndodo yaitali yomenyera mpira patali, musatengeke ndi ya nkhope yopendekeka madigiri 9 okha poti mwaona akatswiri pa TV. Ife omenya mofatsa timafuna 12 kapena kuposa kuti mpira ukwere ukhalitse m'mwamba, mutu wake utengeni waukulu, malamulo amalola mpaka 460cc. Ma 3-iron ndi 4-iron asiyeni kunyumba, hybrid, ndodo ya mutu wonenepako, imagwira ntchito yomweyo mosavuta. Panopa ine ndimayenda ndi ndodo 8 basi, driver, 5-wood, hybrid, 7-iron, 9-iron, pitching wedge ndi sand wedge zomenyera pafupi, ndi putter yolowetsera mpira m'dzenje, ndipo palibe tsiku lomwe ndinasowapo ina.

Nkhani yogula ndiye imavuta kuno kwathu, tisabise. Zambiri zimachokera ku Joni kudzera mwa achibale kapena anzathu oyendayenda, ndiye ndi mmene forex ikuvutiramu seti yatsopano si ya aliyense. Pali ndodo za mtundu wa XXIO za ku Japan zomwe anazipangira dala anthu ngati ife, zopepuka bwino, koma mtengo wake ndi wokwera. Ine ndinagula zogwiritsidwapo kale ntchito kwa mayi wina wa ku Limbe yemwe ankasamuka, ndipo ndikuona kuti imeneyo ndi njira yabwino kwa woyamba, kufunsa ma caddie ndi mamembala pa kalabu chifukwa amadziwa amene akugulitsa. Ingoonetsetsani kuti shaft ilibe mng'alu pafupi ndi mutu, graphite ikang'aluka imathyoka mosachenjeza. Grip, pogwirira paja, ikakhala yoterera si vuto, imasinthidwa. Zotchipa modabwitsa za pa Facebook samalani nazo, zafeki ziliko. Ndipo musalipire musanamenye nazo mipira ngakhale 20, chifukwa kupepuka nakonso kuli ndi malire, ina nditaiyesa sindinkamva nkomwe kuti mutu uli pati ndiye ndinaibweza.

Ndodo za alamu zija, nditawapempha kaye chilolezo, ndinazipereka kwa mnyamata wina wa caddie yemwe amamenya mwamphamvu koma analibe zakezake. M'manja mwake 5-iron yomwe ija imauluka mpaka ndimasowa pomwe yagwera. Loweruka lino tili limodzi 6 koloko m'mawa, ndipo chigongono changa chatha chaka osawawa.