Chizungu chakale chinkanunkha ndowe ndi chambiko

Anthufe timaona ngati chizungu chinabadwira mu ofesi chitamanga kale tayi, koma tayang'anani mawu awo akale onena za zinthu zoundana, kaya magazi kaya mkaka, muona kuti eni akewo anali anthu a kukhola basi, okama ng'ombe, oponda matope tsiku lonse.

Tengani clot, mawu aja adokotala amatchula magazi akaundana mumtsempha mpaka abale nkuyamba kuimbirana mafoni. Kalelo, William wa ku Normandy asanalande dziko la England mu 1066, clott chinali chibuma chabe, ndipo kwa zaka zambiri clot ndi clod amangowasinthanitsa, kenako anagawana ntchito, clod anatsala kumunda ngati chibuma cha dothi, clot nkupita ku magazi. Nanga gore, amene lero amanena magazi a m'mafilimu oopsa aja? Poyamba gor inali ndowe, eya ndowe zenizeni, za magazi oundana pabalazi zinadzabwera cha m'ma 1500.

Amene amandisangalatsa ine ndi dreary. Mzungu lero akaona kunja kuli mitambo kamvula kakuwaza amati kunja kuli dreary, osadziwa kuti agogo ake ankati dreor kunena magazi otuluka pabala, nde dreorig anali munthu woti magazi thupi lonse, wagwa pankhondo. Analinso ndi heolfor, magazi okhathamira oundana, amene amapezeka mu ndakatulo yawo yakalekale yotchedwa Beowulf, koma ameneyo anafa osasiya mwana.

Kumkaka ndiye kuli phwando. Curd poyamba anali crud, zilembo ziwiri zinangosinthana malo mkamwa mwa anthu. Rennet, chija amathira mumkaka kuti uundane popanga tchizi, chochokera m'chifu cha mwana wa ng'ombe woyamwa, ndi pachibale ndi run, kuthamanga, chifukwa kwa iwo mkaka ukamaundana ndiye kuti ukuthamangira pamodzi, ndipo Ajeremani mpaka pano amati gerinnen. Ku Scotland mkaka woundana ankati lappered. Ku Ireland kunachokera bonnyclabber, bainne ndi mkaka, clabar ndi mkaka wosasa woundana, ndipo mawu ofanana nawo amatanthauza matope, mwaona matope abweranso eti, koma chinthucho ndi chambiko chomwechi, palibe chachilendo. Panalinso posset, mkaka wotentha wothiramo mowa kapena vinyo kuti udukeduke, ankamwa pogona komanso akadwala chimfine, ndipo ndi momwe Lady Macbeth anawathirira mankhwala alonda a mfumu mu sewero la Shakespeare lotchedwa Macbeth. Ine mkaka wosakaniza ndi mowa ayi ndithu, zikomo.

Mawu apamwambawa, coagulate ndi congeal, ndi alendo, anachita kulowa kuchokera ku Chilatini ndi Chifalansa patapita nthawi William wa ku Normandy atalanda England, ndipo mawuwa ndi amene anatenga malo m'mabuku a madokotala pomwe enawo anatsalira m'midzi.

Koma clot sanachoke kukhichini konse. Ku Cornwall ndi Devon, maboma a ku England, amapangabe clotted cream, amatenthetsa mkaka wa mafuta pang'onopang'ono nkuusiya uzizire mpaka pamwamba pagwire chikhungu chachikasu, wa ku Cornwall dzina lake linatetezedwa ndi lamulo mu 1998 ndipo mafuta ake asachepere 55 peresenti. Maboma awiriwa amakanganabe mpaka lero kuti pa sikono choyamba kupaka ndi chani, a Cornwall amati jamu, a Devon amati kirimu, ndipo apa ine ndili mbali ya Cornwall chifukwa jamu pamwamba pa kirimu amangoterereka nkukugwera pa malaya.