Wanjala sasaina mwaufulu

Ndangomaliza kuwerenga zimene T. H. Green, mphunzitsi wa filozofi pa yunivesite ya Oxford, analankhula ku Leicester mu 1881, ndipo mtima sukukhazikika. Nthawi imeneyo ambiri ku Britain ankati boma lisalowerere pakati pa bwana ndi wantchito, poti wantchitoyo wavomera yekha. Green anakanitsitsa. Kwa iye, munthu amene njala yamukankhira ku ntchito yomuwonongera thanzi sanasankhe chilichonse. Ufulu weniweni ndi kukhala ndi mphamvu zochitira zinthu zaphindu limodzi ndi anzako, osati kungosiyidwa kuti udzionere wekha. Ine pamenepa ndikugwirizana naye ndi mtima wonse.

Chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti bamboyu sanangothera m'kalasi ku Oxford. Anakhala khansala wa mzindawo, namenyera kuti ana a anthu wamba apeze sukulu ya sekondale. Anamwalira mu 1882 ali ndi zaka 45 zokha, anthuni! Patangopita zaka ziwiri, mzimu womwewo unabala Toynbee Hall ku Whitechapel, kumene ophunzira a kuyunivesite ankakakhala pakati pa osauka a mu London. William Beveridge, amene anadzalemba ndondomeko yoti boma lizisamalira umoyo wa anthu, ndi Clement Attlee, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Britain, anagwirako ntchito kumeneko ali achinyamata, ndipo boma la Attlee ndi limene linatsegula NHS, bungwe lopereka chithandizo cha kuchipatala chaulere kwa aliyense, mu 1948.