Loweruka: kukhoma matabwa pa nthiti za Cutty Sark

Lero sindinapite kuntchito, ndiye tebulo lodyera linali langa kuyambira m'mamawa. Kunja mvula yakhala ikuwaza tsiku lonse monga imachitira kuno ku London, ndipo panalibe chondiitanira pabwalo.

Chomwe ndikupanga ndi chifanizo cha Cutty Sark, chombo chamatanga chija chili ku Greenwich. Changachi n'chochepetsedwa ka 75, kotero thupi lake ndi lotalika pafupifupi masentimita 86. Msana ndi nthiti ndinamanga kale. Nthitizo ndi zidutswa za pulayiwudi zolowetsedwa mumsana, ndipo masiku apitawa ndinkangozipala m'mphepete ndi sandipepa womata pa kathabwa, kuti thabwa likabwera ligone pankhope yonse ya nthiti, osati kungokhudza pangodya. Ntchito imeneyo ndi yotopetsa ndipo sioneka, koma ukailumpha chombo chimatuluka mabampu. Lero ndiye linali tsiku loyamba kuchiveka matabwa.

Ndisanakhudze guluu ndinayamba ndi pepala ndi pensulo. Timatabwa tomwe ndili nato ndi ta mtengo wa lime, tofewa, toyera, totambalala mamilimita 5, ndipo tonse n'tofanana kuyambira uku mpaka uko. Chombo ndiye sichofanana. Pakati n'chonenepa, kutsogolo n'chosongoka. Ndinadula timapepala titalititali, n'kukulunga kalikonse panthiti yake kuchokera m'mphepete mwa pamwamba mpaka pamsana. Nthiti yapakati inandipatsa mamilimita 130, kutanthauza kuti pakwana matabwa 26. Nthiti ina yakutsogolo inandipatsa 91 okha. Matabwa 26 omwewo ayenera kudutsanso pamenepo, ndiye lililonse likafika panthiti imeneyo likhale la mamilimita 3.5. Ndinawerengera chonchi nthiti iliyonse, n'kulemba timizere m'mphepete mwake mbali zonse ziwiri. Pofika 10 koloko chombo chinali ndi timizere thoo, thabwa ngakhale limodzi lisanakhomedwe.

Amayi akunyumba anadutsa ndi kapu ya tiyi, n'kuima pang'ono. "Bambo, kuyambira m'mawa muja mukungolemba? Ndimayesa munati lero mukhoma." Ndinawauza kuti kukhomako ndiye kumeneku, chinacho n'kumata chabe. Anangopukusa mutu, n'kundikumbutsa kuti ketulo ndikamaliza nayo ndiibwezere kukhitchini.

Ketuloyo ndi chida chenicheni pantchito iyi. Thabwa louma ukalipinda kuti lizungulire kumphuno kwa chombo limathyoka, kapena limamvera lero n'kudzatukula guluu mawa. Ndimayamba ndaliseteka kaye ndi mpeni wakuthwa potsata rula yachitsulo, mbali imodzi yokha, mpaka litsatire miyeso ija. Kenako ndimalinyika m'madzi otentha kwa kanthawi, n'kulipinda pang'onopang'ono pa simbi yotentha. Chomwe chimakhotetsa mtengo kwenikweni ndi kutentha; madziwo amangothandiza kuti kutenthako kulowe mkati thabwa lisanapse. Likazizira limasunga kukhota kwake. Ndimaligoneka panthiti popanda guluu, ndipo ngati likufuna kuti ndilikanikize ndi chala kuti likhale m'malo mwake, ndiye kuti silinakonzeke. Limabwereranso kusimbi. Pamenepa sindinyengerera ayi. Ndaonapo zithunzi zambiri pa intaneti za anthu okhoma matabwa owongoka mwankhanza ndi timisomali tambirimbiri, kenako n'kudzaza mipata ndi phala lomatira. Penti ikapakidwa zimabisika ndithu, koma chombo chotero chimakhala chongoumbidwa, ndipo mizere yake siyenda monga imayendera pachombo chenicheni.

Pali malamulo awiri amene ndimasunga. Loyamba, thabwa lisasetekedwe kupitirira theka la kutambalala kwake, ndipo lisathere posongoka ngati singano, chifukwa pachombo chenicheni nsonga yotero ilibe pokhomera bawuti. Malo akachepa kutsogolo, matabwa awiri amathera m'limodzi. Lachiwiri, ndikakhoma limodzi kumanja ndikhomenso limodzi kumanzere. Thabwa lonyowa likamauma limakoka, ndipo mbali imodzi ikadzaza inzake ili yosavala, msana umapindika. Msana ukapindika palibenso chowongola.

Mwana wanga wamkazi anabwera cha m'ma 11, n'kudzipatsa yekha ntchito yogwira mapegi a zovala omwe ndimapanira nawo matabwa guluu akamauma. Ali ndi maso akuthwa. Anaona kampata kakang'ono pakati pa matabwa awiri pomwe thupi la chombo limakhota kwambiri, n'kufunsa kuti, "Adadi, madzi salowa apa?" Ndinamuonetsa mmene timapalira m'mphepete mwa thabwa mopendekeka pang'ono, kuti likakumana ndi linzake pokhota nkhope zakunja zigundane. Anapala yekha lotsatira, ndipo linakhala bwino zedi.

Atatha kudya nsima masana, amayi akunyumba anafunsa funso lomwe ndakhala ndikuliganizira mpaka pano. Iwo chombo chenichenicho anachiona ku Greenwich, ndipo akudziwa kuti kunsi kwake n'kokutidwa ndi malata onyezimira, pamwamba n'popakidwa penti yakuda. "Nanga matabwa mukuvutika nawowa adzawaona ndani?" Funso labwino. Yankho langa n'lakuti timalata tomwe ndidzamate kunsiko n'topyapyala kwambiri, ndipo timatsatira chilichonse chili pansi pake. Bampu la thabwa limodzi lidzaonekera pamalata, makamaka nyali ikawala cham'mbali. Komanso ulemerero wonse wa Cutty Sark uli m'maonekedwe a thupi lake, mphuno yakuthwa ija yong'amba madzi. Ndikaiphonya pamatabwa, milongoti ndi zingwe zidzakhala pachombo china.

Hercules Linton, amene anajambula pulani ya chombo chenichenicho, anachimanga mwa njira yosakaniza: mafupa achitsulo, khungu lamatabwa. Kunsi kwa madzi anaika mtengo wa rock elm wochokera ku America, pamwamba anaika teak, zonse zomangidwa ndi mabawuti kuchitsulo. Chitsulo chinapatsa chombo mphamvu popanda kudya malo a katundu, pomwe matabwa analola kuti kunsi kukhomedwe malata a Muntz metal, osakaniza kopa ndi zinki, oletsa ndere ndi tizilombo tam'nyanja kumatirira. Chombochi chinalowa m'madzi ku Dumbarton ku Scotland mu Novembala 1869, mwezi womwewo umene ngalande ya Suez inatsegulidwa n'kupereka malonda a tiyi wa ku China m'manja mwa sitima zoyendera nthunzi. Tiyi chinanyamula zaka zochepa chabe, mbiri yake yaliwiro chinakaipangira pa ubweya wa nkhosa wa ku Australia. Mu 1895 chinagulidwa ndi Apwitikizi, n'kuchitcha Ferreira, ndipo m'maulendo ake chinkafika ku madoko a Angola ndi Mozambique. Zimandisangalatsa kuganiza kuti matabwa amenewa anasambapo m'madzi a kufupi ndi kwathu. Ndipo pamene moto unabuka pachombochi mu Meyi 2007, matabwa ambiri anapulumuka chifukwa anali atachotsedwa kale n'kukasungidwa kwina pantchito yochikonzanso.

Madzulo ndinalimbana ndi thabwa loyandikana ndi msana. Limeneli ndi lovuta kuposa onse. Pakati pa chombo limagona pafupifupi chafufumimba, koma likamapita kumphuno ndi kumbuyo limadzipotokola mpaka kuimirira. Ndiye silifuna kukhotetsedwa kokha, lifunanso kupotoledwa. Ndinagwira mbali imodzi ndi pulayala, ina ndi dzanja, n'kulidutsitsa pasimbi mobwerezabwereza. Chinanso, kutsogolo siliyenera kuloledwa kukwera m'mwamba potsata mphuno. Likakwera limadya malo a anzake onse obwera pambuyo, ndipo miyeso ija ya m'mawa imakhala yopanda ntchito. Ndinalidula msanga, lisanayambe kukwera.

Ndili pakati pa zimenezi, amalume anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Nkhotakota. Iwo anakulira kunyanja ndipo maboti amatabwa a asodzi amawadziwa kuyambira ali thabwa mpaka alowe m'madzi. Ndinawatembenuzira kamera. Anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenako anati, "Mphwanga, sendezera kumbuyoko ndione." Nditatero anandiuza kuti kumbuyoko matabwa adzatalikirana, ndikonzeretu zidutswa zolowetsa. Ananena zoona. Kutsogolo malo amachepa, koma kumbuyo, kufupi ndi chiwongolero, malo amachuluka kuposa pakati, ndipo matabwa ukawasiya kuti agone mmene akufunira amasiya mipata yooneka ngati mphanda. Mipatayo imatsekedwa ndi matabwa afupiafupi owonjezera. Munthu sanaonepo Cutty Sark, sanawerengepo buku la zombo za ku Ulaya, koma anaona vutolo pafoni.

Tinacheza za mmene amatsekera mipata paboti lenileni, kukhomerera thonje kapena nsanza n'kupaka phula, kenako mtengo ukamwa madzi umafufuma n'kutsekeratu. Pa Cutty Sark ankachita chimodzimodzi, koma ndi ulusi wa zingwe zakale zomasula. Anadandaulanso za mitengo. Kale boti labwino linali la mkungudza wa ku Mulanje, wosafumbwa komanso wosaola msanga, koma lero mtengowo watsala pang'ono kutheratu paphiripo, ndipo amisiri akungogwiritsa ntchito matabwa amene awapeza. Mawu awo anatsika ponena zimenezi, ndipo ine ndinasowa chowayankha.

Pofika nthawi ya chakudya chamadzulo ndinali nditakhoma matabwa ochepa chabe mbali iliyonse, ena m'mwamba, ena kumsana, pakati pali pululu. Zala zikuwawa ndipo chala chachikulu chapsa pang'ono ndi simbi. Ndinasamutsira chombo pashelefu, kutali ndi hita, kuti chisaume mothamanga.

Awa ndi matabwa oyamba chabe. Akatha ndidzapala thupi lonse mpaka lisalale, kenako n'kuyala achiwiri, opyapyala theka la milimita, ndipo amenewo ndidzawadula m'zidutswa kuti polumikizana pasagwere panthiti imodzi m'mizere yoyandikana. Ndisanafike kumbuyo kuja ndikufuna ndipitenso ku Greenwich. Chiyambire 2012 chombocho chinakwezedwa mamita atatu ndipo munthu amayenda kunsi kwake, ndiye ndikaima pansi pa chiwongolero ndi pensulo yanga n'kujambula mmene thupi limapyapyalira pamenepo. Amalume apempha kuti ndikawajambulirenso vidiyo ya malo omwewo.