Kulera tiana ta nsomba m'thanki kuno ku Harare

Nsomba imene ambiri timaweta kuno ndi Nile tilapia, ija eni dziko amangoti bream, msuweni wake wa chambo. Imakula bwino m'madzi ofunda, madigiri 27 mpaka 30. Ku nyanja ya Kariba, komwe n'kotentha, imeneyo si nkhani, koma Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo chisanu cha Juni ndi Julaye sichinyengerera. N'chifukwa chake ine tiana ta nsomba ndimagula kumapeto kwa Seputembala, kuti miyezi yonse yotentha ikhale yathu.

Thanki yanga ili kuseri kwa nyumba ku Dzivarasekwa. Madzi apampopi ndimayamba ndawagoneka kuti klorini athemo. Tiana tikabwera m'thumba lapulasitiki, thumbalo ndimaliyandamitsa m'thanki kwa mphindi ngati 20, kenako n'kumathiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono mpaka tituluke tokha. Tsiku limenelo sinditipatsa chakudya. Pogula ndimalimbikira kuti andipatse tatimuna, chifukwa yaikazi ikangokhwima mphamvu zake zimathera kumazira, ndipo ikawafungatira m'kamwa sidya n'komwe.

Ntchito yeniyeni ili pa sikelo. Pakatha milungu iwiri iliyonse ndimatunga madzi m'ndowa, n'kuyeza. Ndimavuula tiana 30, kutiponya m'ndowamo, n'kuyezanso. Zimene zaonjezekazo ndikagawa ndi 30 ndimadziwa kulemera kwa kamodzi. Tinene kuti ndi magalamu 10, ndipo m'thanki muli tiana 500. Tonse pamodzi ndi makilogalamu 5. Pamsinkhu umenewu timadya pafupifupi 5 peresenti ya kulemera kwake, ndiye kuti magalamu 250 patsiku, ogawa katatu kapena kanayi chifukwa timimba n'tating'ono. Tongoswedwa kumene timafika 10 peresenti ngakhale kuposa, pomwe zikuluzikulu zimakwana ndi 2 kapena 3. Kansomba kakachepa, thupi lake limamaliza mphamvu mofulumira, komanso ndi nthawi imene kamakula mothamanga. Gaga yekha sangakwanitse. Pamafunika chakudya chokhala ndi mapuloteni pafupifupi 40 peresenti, chosalala choti chilowe m'kakamwa.

Chimene nsomba yadya chimayamba chabweza ngongole: kupuma, kusambira, ngakhale kugaya chakudya chomwecho. Chotsala ndiye chimasanduka mnofu. Mwayi wake ndi woti nsomba sitaya mphamvu podzitenthetsa thupi, choncho zinthu zikamayenda bwino kilogalamu imodzi ndi theka ya chakudya imabereka kilogalamu ya nsomba. Koma pomwepo ndi pamene pagona vuto, poti kutentha kwa thupi lake kumatsatira kwa madzi. Madzi akazizira kufika madigiri 20, kudya kumachepa kwambiri. Cha m'ma 16 zimangochiyang'ana chakudya. Akafika 11 kapena 12 n'kukhalitsa, mumayamba kutola zakufa. Ndiye masamu a sikelo aja sindiwatsatira ndisanaviike themometa m'madzi, ndipo ndimadikira dzuwa likwere kaye.

M'mawa wina amalume anapeza tiana tonse tili pamwamba, tikamwa tili yasa yasa.

"Mphwanga, ana awa akulira njala. Thira chakudya!"

"Ayi amalume, si njala imeneyo. Mpweya wawachepera."

Mbandakucha ndi pamene okisijeni amakhala wochepetsetsa m'madzi, makamaka obiriwira, chifukwa usiku ndere nazo zimapuma mpweya womwewo. Tsono nsomba ikadya imafuna mpweya wochuluka kuposa kale kuti igaye. Kuthira chakudya panthawi yotere n'kuzipha. Magetsi akathima pampu n'kuima, ine thumba la chakudya sindilikhudza. Ndimachotsako madzi apansi, kuthira ena kuchokera m'mwamba kuti azichita thovu, basi.

Podyetsa ndimaimirira pomwepo. Chikatsala choyandama patatha mphindi 15, mawa ndimachepetsa, chifukwa chotsalacho chimaola n'kudzaza m'madzi amoniya, amene ndi poizoni kwa nsomba. Zonse ndimalemba m'kope: chakudya chimene chalowa, ndi kulemera kumene kwaonjezeka. Ndikaona kuti kilogalamu ya nsomba yandidyera makilogalamu opitirira awiri, sindithamangira kukalalatira wogulitsa chakudya. Ndimayamba ndaona kutentha kwa madzi, mpweya, ndiponso ngati sizinathinane.

Epulo akamatha zazikulu ndimagulitsa. Zotsala ndimazivundikira ndi pulasitiki ya greenhouse, ija yosunga kutentha, ndipo zimadya kamodzi kokha, masana, ngati madzi afundako.