Kadontho ka mkaka basi, kakapu n'komweko

Loweruka lapitali kunabwera mnzanga wina, ndikumufunsa kuti aise ndikupangire chani, akuti khofi wa macchiato. Chabwino, ndinapanga. Nditamupatsa kakapu kaja anakayang'anitsitsa kenako n'kundiyang'ana ine, amvekere "ndiye zomwezi? kapena ukundilawitsa kaye?" kkkk. Iyeyo m'mutu mwake munali chikapu chachikulu chija cha Caramel Macchiato chomwe a Starbucks, kampani ya ku America yogulitsa khofi, anayamba kugulitsa mu 1996, chodzadza mkaka, vanila pansi, caramel pamwamba. Sindikuchinyoza ayi, ambiri amachikonda, kungoti ndi chakumwa china chomwe chinangobwereka dzina.

Macchiato ndi liwu la ku Italy, limatanthauza chinthu choti chili ndi banga, chothimbirira. Ndiye caffè macchiato ndi khofi wa espresso (khofi wochepa koma wamphamvu, wopangidwa pokankha madzi otentha mu khofi wogaya ndi makina) yemwe wamudonthezera kamkaka pang'ono, bangalo ndi mkakawo. Ukatembenuza n'kukhala latte macchiato, apo ndi tambula yodzadza mkaka yomwe wayidonthezera khofi, ndipo chija cha mnzangachi chibale chake chili kumeneko. Nkhani yomwe anthu amakonda kukamba ndi yoti opanga khofi ku Italy ankaika kathovu koyera pamwamba kuti woperekera asasokoneze makapu, adziwe kuti aka kali ndi mkaka aka n'kopanda. Kwa ine zikumveka ndithu.

Chomwe chinandivuta nditayamba kupanga ndekha n'choti apa palibe pobisala. Mu cappuccino kapena latte, zomwe zimakhala ndi mkaka wambiri, khofi akakanika mkaka umakubisira manyazi, koma masupuni awiri a thovu sangabise kanthu, espresso yako ikakhala yoipa umayimva yonse pa lilime. Ndiye ntchito yaikulu ili pa khofiyo. Ine ndimapima magalamu 18 a khofi wogaya bwino pa kasikelo, ndimatsindira mofanana mbali zonse (ukapendeketsa madzi amangothamangira mbali yofewayo n'kusiya khofi wina osamukhudza), ndipo ndimafuna mukapu mugwe magalamu pafupifupi 36 pa masekondi 25 mpaka 30. Aku Italy enieni kapu imodzi amaika magalamu 7 okha n'kutulutsa mamililita 25, ine ndimakonda yowirikiza kawiri. Madzi akhale a madigiri pakati pa 90 ndi 96, osati obwadamuka. Akatuluka mothamanga, masekondi 15 zatha kale, amawawasa ngati ndimu, ndiye kuti wagaya mokhakhala. Akamadontha ngati mpopi wakutha mpaka masekondi 45 amawawa ngati mankhwala, wagaya mosalala kwambiri. Ndinataya khofi wambiri ndisanazimvetse zimenezi, osanama.

Kathovu kofiirira kamene kamayandama pamwamba pa espresso, kotchedwa crema, n'komwe kamapangitsa kuti banga loyera lija lioneke bwino, ndipo sikanalipo kuyambira kale. Kanabwera ndi makina okoka ndi chigwiriro a Achille Gaggia ku Milan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, chifukwa ankakankha madzi ndi mphamvu yaikulu kuposa makina akale a nthunzi, kenako mu 1961 makina a Faema E61 anabwera ndi pampu ya magetsi yokankha pa 9 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankhira madzi), nambala yomwe mpaka pano ndi imene ambiri amatsatira. Amene muli ndi kapoto ka moka kaja kophikira khofi pa moto, ka kampani ya Bialetti ka 1933, musadandaule, kamafika 1 kapena 2 bar basi ndiye crema yeniyeni simuyiona, koma khofi wake ndi wamphamvu mokwanira ndipo ine ndinayambira pomwepo.

Tsopano mkaka. Apa ndi pomwe ndinkalakwitsa kwambiri chifukwa dzanja limangofuna kuwonjezera, umaona ngati ukumumana munthu. Ndimathira mkaka wozizira wa mafuta ake onse m'kajagi kachitsulo, kamlomo ka nthunzi ka pa makina ndimakaika pansi pang'ono pa mkakawo mpaka kazimveka tsi tsi tsi ngati ukung'amba pepala, masekondi ochepa okha, kenako ndimakamiza kuti mkaka uzizungulira. Kajagi kakatentha moti dzanja silingapirirenso ndimazimitsa, pamenepo ndi cha m'ma 60 mpaka 65 digiri. Ukapyola 70 kutsekemera kwake kumathawa, umayamba kununkha chopserera ndipo thovu limauma ngati la sopo. Lomwe ukufuna ndi lonyezimira ngati penti, lopanda timaso tatikulu. Ndimamenyetsa kajagi patebulo kawiri, kukapukusa, kenako supuni imodzi kapena ziwiri pakati penipeni pa crema, mozungulira muzionekabe mkombero wofiirira. Opanda makina, mkaka wotentha mu French press (kajagi kofululira khofi kokhala ndi chosefera chotsindira) n'kumapopa mmwamba pansi umachita thovu bwinobwino.

Mkaka wotsala umandiwawa mtima, poti sungafufumitse masupuni awiri okha, kajagi kamafuna wochulukirapo. Ku Italy ena amangoitanitsa macchiato freddo, kadontho ka mkaka wozizira osavutika ndi nthunzi, masiku aulesi ine ndimatero.

Abale ake aliponso, ku Portugal amati pingado, ku France noisette, dzina la mtedza wina wofiirira, chifukwa cha mtundu wake, pomwe cortado wa ku Spain mkaka umachuluka pafupifupi kufanana ndi khofi. Ku Addis Ababa macchiato ndi ya tsiku ndi tsiku ndipo yawo imakhala ya mkaka wambiriko, ndiye nanenso ndisamachite matama kwambiri ndi supuni yangayi.

Mnzanga uja anamwa kamodzi n'kukwinya nkhope, anathira shuga theka la supuni, kachiwiri anakhala chete, kachitatu kapu yatha. Kenako akuloza kajagi kaja akuti mkaka watsalawo usataye, undithirire muno.