Mmene ndinasankhira laputopu yoti igwirizane ndi Linux

Ife ogwiritsa ntchito Linux sitigula laputopu ngati mmene amagulira anzathu a Windows. Iwo amafunsa mtengo, kukula kwa sikirini ndi kuchuluka kwa RAM, n'kulipira. Ife timayamba ndi funso lina: kodi tizipangizo ta m'katimo, ka Wi-Fi, ka zithunzi, kamera ndi zina, tikamvana ndi kernel, mtima wa Linux umene umalankhula ndi tizipangizoto? Laputopu yanga yakale itatopa, batire osasunganso moto, ndinayamba ndi funso limeneli ndisanaone n'komwe mitengo.

Ntchito zanga n'zochepa: kulemba mu LibreOffice, Firefox yokhala ndi masamba ambirimbiri otsegula, misonkhano ya pa vidiyo, ndipo mwa apo ndi apo virtual machine imodzi, ndiye kuti kompyuta ina yoyenda ngati pulogalamu m'kati mwa laputopu. Magemu sindisewera. Zimenezi zinandithandiza kuchotsa pamndandanda malaputopu onse okhala ndi khadi ya zithunzi ya Nvidia. Sikuti sagwira ntchito pa Linux, amagwira, koma dalaivala wake, pulogalamu yoyendetsa khadiyo, umachita kuika padera ndi kumamuyang'anira kernel ikasintha. Madalaivala a Intel ndi AMD amabwera kale m'kati mwa kernel ndi Mesa (mapulogalamu a zithunzi a pa Linux), ukangoyatsa zithunzi zili bwinobwino. Ngati simukonza mavidiyo akuluakulu, musadzisenzetse katundu amene simumufuna.

Alipo makampani ogulitsa malaputopu oikidwa kale Linux: System76 ya ku Denver, Tuxedo ya ku Germany, Star Labs ya ku Britain, Slimbook ya ku Spain. Palinso Framework, imene chipangizo chilichonse umatha kuchimasula ndi kusintha wekha. Ndinazisirira, osanama. Koma ukawerengera mtengo wake m'madola, ndalama zotumizira ndi msonkho, kenako n'kuganiza kuti kiyibodi ikafa uipeza kuti kuno kwathu, mtima umabwerera wokha. MacBook za M1 ndi M2 zimatheka kudzera mu Asahi Linux, yokonzedwera makina a Apple amenewa, koma ndi za munthu wokonda kuyesayesa. Za purosesa ya Snapdragon nazo sizinakhwime.

Ndinatsala ndi malaputopu a m'maofesi ogwiritsidwapo kale ntchito, aja timangoti a kaunjika: ThinkPad, Dell Latitude ndi HP EliteBook. Nthawi yake ndi yabwino. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa ya Intel yoyambira m'badwo wa 8. Makina ambiri amphamvu ndithu akutayidwa chifukwa cha lamulo limeneli, pamene Linux alibe nalo ntchito. Ndiponso laputopu imene yatha zaka zingapo pamsika imakhala kuti anthu anailimbana nayo kale, mavuto ake anakonzedwa mu kernel. Zatsopano kwambiri ndiye zimavuta. Mwachitsanzo, makamera a mtundu wa MIPI odzera mu Intel IPU6, amene ali m'malaputopu ena opyapyala a zaka zaposachedwapa, anatenga nthawi yaitali asanayambe kugwira bwino.

Ndisanapite m'tauni ndinawerenga za mitundu imene ndinkaifuna pa mndandanda wa makina ovomerezeka ndi Ubuntu (mtundu wina wa Linux), pa Arch Wiki ndi pa linux-hardware.org. Zinandithandiza, koma pali chinthu chimene masamba amenewa sangakuuzeni. Malaputopu awiri a dzina limodzi ndi nambala imodzi akhoza kukhala ndi makhadi a Wi-Fi osiyana. Ina ya Intel, imene imangogwira. Ina ya Realtek kapena MediaTek, imene imadalira kuti kernel yanu ndi yatsopano motani. Zakale zina za Broadcom, zofuna dalaivala wapadera, amene kuti umutenge pamafunikanso intaneti yomwe ulibeyo. Chomata cha pamwamba sichinena zimenezi, ndipo wogulitsa nayenso nthawi zambiri sadziwa. Njira ndi imodzi: kuyatsa Linux pa makina enieniwo usanatulutse ndalama.

Choncho ndinakonza fulashi yoyatsira Linux. Ndinasankha Linux Mint 22, imene inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo idzasamalidwa mpaka 2029. Chifukwa china n'chakuti fayilo yake siifika 3 GB, pamene ya Ubuntu ili pafupifupi 6 GB, ndipo bandulo siitoledwa pansi.

Kusitolo ndinapempha kaye. "Achimwene, ndingaiyatse ndi fulashi yangayi? Siikhudza kanthu m'katimo." Anandiyang'ana mokayika, n'kunena kuti, "Bola musandifutire Windows, bwana." Ndinawafotokozera kuti Linux ya pa fulashi imangoyenda mu RAM, ukazimitsa zonse zimabwerera mwakale. Wogulitsa wokana zimenezi ine ndimamutsanzika mwaulemu.

Ndisanalowe mu Linux ndinayamba ndi BIOS, malo osinthira mmene makina aziyakira, amene umalowamo podina batani poyatsa: F1 pa ThinkPad, F2 pa Dell, F10 pa HP. Apa mpamene pagona nkhani pa makina ochokera m'makampani. Ena amabwera ali ndi supervisor password ya eni ake akale, ndipo pa ThinkPad siichoka pongozula kabatire kakang'ono ka m'kati. Laputopu yotero imayaka ndithu, koma simungasinthe chilichonse mu BIOS. Isiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo chotani.

Kenako poyatsanso makina ndinadina F12, kapena F9 ngati ndi HP, n'kusankha fulashi. Mint itatseguka ndinalemba lspci mu terminal, kawindo kolembamo malamulo, kuti ndione khadi ya Wi-Fi ndi ya zithunzi, n'kulumikiza ku hotspot ya foni yanga. Ndinayesa masipika, maikolofoni, kamera, Bluetooth, mabatani owalitsira sikirini ndi batani lililonse la kiyibodi. Zimenezi sizichedwa. Pamene ndinadekha ndi pogoneka makina. Ndinatseka chivundikiro, n'kudikira, n'kutsegula, n'kuona ngati Wi-Fi ndi touchpad zadzuka nawo limodzi. Imodzi mwa zimene ndinayesa inapambana zonse koma pamenepa, sikirini inangokhala bii mpaka ndinachita kuizimitsa ndi batani. Vuto lotere simungaliwone pa Windows ya wogulitsayo, mumakalipeza muli kale kunyumba.

Batire musamufunse wogulitsa, funsani makinawo. Mukalemba upower mu terminal imaonetsa energy-full ndi energy-full-design, kutanthauza moto umene batire likusunga lero ndi umene linkasunga lili latsopano. Likatsika pansi pa 70 peresenti, ine ndimawerengera mtengo wa batire lina ndipo ndimanenerera nawo. Disiki ndinaiona mu pulogalamu ya Disks. Ikapanda kuoneka n'komwe, kawirikawiri ndiye kuti mu BIOS njira yolumikizira disiki ili pa Intel RST m'malo mwa AHCI. Zimakonzeka, koma musasinthe pa makina a mwini wake, chifukwa Windows yake ikhoza kukana kuyaka ndipo mudzayambana.

Pomaliza zinatsala ziwiri: ThinkPad T14 yoyamba ya AMD Ryzen, ndi T480 ya 2018. T14 ndi yothamanga, palibe kutsutsa, koma mbali ina ya RAM yake ndi yowotcherera pa bolodi ndipo batire lili m'kati. T480 ili ndi malo awiri oikamo RAM, imachajidwa ndi USB-C, ndipo ili ndi mabatire awiri, lina m'kati, lina lakunja loti umalizula n'kuikapo lina makina ali chiyakire. Kwa munthu wokhala kumene magetsi amazimazima, zimenezi zinaposa liwiro. Ndinangoonetsetsa kuti sikirini ndi ya 1920x1080, chifukwa ma T480 ena ali ndi ya 1366x768 yosaoneka bwino, komanso kuti si ija yokhala ndi Nvidia MX150.

Kunyumba ndinafuta Windows yonse, n'kuika Mint ndi disiki yokhomedwa ndi password, kuti laputopu ikabedwa mafayilo asapite nayo poyera. Kenako ndinayendetsa fwupdmgr, imene imatenga firmware yatsopano (mapulogalamu a m'kati mwa tizipangizo) ku nkhokwe ya pa intaneti ya LVFS popanda kufuna Windows. Pa T480 musalumphe zimenezi, chifukwa Lenovo inatulutsa firmware yofunika ya doko la USB-C la Thunderbolt, ndipo doko limenelo ndi limodzi mwa ochajira. Ndinaikanso TLP, pulogalamu yosamalira batire. Ambiri amalangiza kuti batire lizilekera pa 80 peresenti kuti likhalitse. Ine ndinaika 90, popeza sindidziwa kuti magetsi abwera nthawi yanji. Kachipangizo kowerenga chala kamafuna pulogalamu ina yowonjezera kuti kagwire, ndipo ndinangokasiya. Password ndimalemba ndi manja.