Kumbuyo kwa chithunzi n'kumene amayamba kuyang'ana

Mukapereka chithunzi chojambula pamanja ku gallery, malo oonetsera ndi kugulitsa zithunzi, wolandirayo sachedwa kuchitembenuza. Kutsogolo anaonako kale pa foni, n'chifukwa chake anakuitanani. Tsopano akufuna adziwe ngati chingakoloweke pakhoma osagwa, komanso ngati chikakhalitse m'nyumba mwa wogula.

Yambani n'kuwerenga masiku. Penti wa mafuta amauma pamwamba msanga, koma mkati amakhala adakali wofewa. Vanishi womaliza amapakidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12, malinga ndi kuchindikala kwa pentiyo. Mukapupuluma, vanishi amagwirana ndi penti wosakhwima, ndiye wodzamuchotsa m'tsogolo adzachotsera limodzi ndi mitundu yanu. Ngati tsiku la chionetsero layandikira, pakani vanishi wopyapyala wongoyembekezera, uja amati retouch varnish, pang'ono chabe, apo ayi chisiyeni chopanda vanishi. Penti wa acrylic savuta chonchi, masiku ochepa amakwana.

Tsopano kumbuyoko. Mangani timphete tokolowekera, tija amati ma D-ring, pathabwa la felemu mbali zonse ziwiri. Yezani kutalika kwa felemu, mugawe patatu, timpheteto tikhale pamene pathera gawo loyamba kuchokera pamwamba. Mukatiika pakati penipeni, chithunzi chimawerama ngati chikufuna kugwa. Waya akhale wachitsulo wopotana, osati chingwe, ndipo mukamukoka ndi chala asatulukire pamwamba pa felemu. Dzina lanu, mutu wa chithunzi, chaka ndi muyeso lembani pathabwa kapena pakapepala komata pathabwapo. Musalembe ndi maka pachinsalu chojambulapo, inki yake imatha kuboola n'kudzaonekera kutsogolo. Muyeso uyambe ndi kutalika kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako kuchokera kumanzere mpaka kumanja.

Zojambula papepala ndiye zimawawitsa mtima, chifukwa zimaonongeka mwakachetechete. Pepala lisakhudze galasi. Pakati pake pakhale katoni yodula zenera, yopanda asidi, chifukwa chinyontho chikalowa pepala limamatirira kugalasi n'kuchita nkhungu. Selotepu ndi masking tape musazilole n'komwe: guluu wake amasanduka wachikasu n'kusiya banga losachoka. Matani pepalalo pamwamba pokha, malo awiri, ndi tepi yopanda asidi, kuti lizitha kufufuma ndi kukhwinyata nyengo ikasintha. Mukalimata mbali zonse limapindika ngati mafunde. Ndipo chojambula ndi makala kapena choko cha mitundu chija amati pastel musachiphimbe ndi pulasitiki wolowa m'malo mwa galasi uja, amakoka fumbi la makalawo n'kudetsa mkati. Jambulani chithunzicho ndi kamera musanaike galasi, chifukwa pambuyo pake muzingojambula kunyezimira.

Ponyamula, yalani kaye pepala losalala la glassine pankhope ya chithunzi, kenako kulungani ndi pulasitiki wa matuza uja, matuzawo ayang'ane kunja. Akayang'ana mkati, kukatentha amadinda timadontho pa vanishi. Makona muwaveke katoni. Zithunzi ziyende choimirira, nkhope ndi nkhope, msana ndi msana, kuti waya wa china asakande chinzake.

Pokoloweka, ma gallery ambiri amaika pakati pa chithunzi pa masentimita 145 mpaka 152 kuchokera pansi. Ntchitoyi nthawi zambiri ndi yawo, koma dziwani chiwerengerochi kuti muyesere kaye kunyumba muone ngati zithunzi zanu zikugwirizana zikaima pamodzi. Chimene chikufooketsa zinzake chitsale, ngakhale mumachikonda.

Musasiye katundu popanda pepala losainirana. Lionetse chithunzi chilichonse, mtengo wake, gawo limene gallery idzatenge pa mtengowo, tsiku lolipira, amene alipire chikaonongeka, ndi tsiku lodzatenga zosagulidwa. Gawo la gallery kawirikawiri limakhala 40 mpaka 50 peresenti, choncho werengerani felemu, penti ndi mayendedwe musanatchule mtengo. Mtengowo ukhale womwewo kwa aliyense wokufunsani pa WhatsApp chionetsero chili mkati. Eni gallery akamva kuti mukugulitsa motchipa kumbali, sadzakuitananinso.